Mkanda Wofiira Pamsomali

Sungeni analota dzuwa lili paliwombo, ali chikhalire pabenchi ya kuchipatala, pamzere wa anthu odikira dokotala wa maopaleshoni. Kumanzere kwake kunali mwamuna wake, Fanuelo Chisale, makaniko wa ku Limbe, atapinda manja ngati munthu wodzatenga galimoto imene anaisiya kuti aikonze. Kumanja, kunsi kwa bulauzi, kunali thumba.

Thumbalo linabwera motere. Zilonda zinadya thumbo lalikulu la Sungeni kwa zaka, mpaka madokotala analichotsa lonse, n'kuboola pamimba kabowo kotulukira chimbudzi, n'kumatapo thumba. Iye, pokhala telala wa pakhonde ku Bangwe, analisokera timalaya ta zidutswa za chitenje, ndipo tsikuli linali litavala kamaluwa achikasu. Anabwera kudzapereka yankho. Dokotala anali atawauza onse awiri kuti opaleshoni yachiwiri ilipo: atha kulumikiza matumbo mkati, kabowo n'kutsekedwa, thumba n'kutayidwa. Koma opaleshoni imeneyo imachitikira kumunsi, pafupi ndi njira zimene dzira limadutsa popita m'chiberekero, ndipo zipsera zake nthawi zina zimatseka njirazo. N'chifukwa chake amayi ena amayamba abereka kaye, thumba lili pomwepo. Kaya asankha chiti, anatero dokotala, mimba idikire bala lipole, chaka chizungulire. Fanuelo anamva zonsezi ndi makutu ake. Potuluka anangoti, "Atseke basi."

Ndiye benchi inanyamuka.

Inanyamuka bwinobwino ngati minibasi yadzaza, inadutsa pawindo lolandirira mankhwala, inadutsa pazingwe zoyanikapo mabulangete, n'kulowa msewu wa Midima. Odwala ankatsika mmodzimmodzi, aliyense akagogoda thabwa pasiteji yake. Pomaliza anatsala Sungeni ndi mwamuna wake, ndipo benchi inaima m'chipinda chawo chogona.

Chipindacho anthu anali atachisamutsira pakhonde pamene Sungeni amasokera, pakati pa msika. Makoma anali atawachotsa, kupatula limodzi, lija lili ndi msomali kumutu kwa bedi. Ogula tomato ankadutsa m'mphepete mwa bedilo n'kumapereka moni. Pabedi pomwepo, nsapato zili kuphazi, panakhala aNachisale, azakhali a Fanuelo. Ndi iwowa amene anamulangiza Sungeni polowa m'banja, ndipo ndi iwo anamupatsa mikanda iwiri: wofiira wopachika pamsomali mkazi akakhala kumwezi, kuti mwamuna aone yekha n'kutembenukira kukhoma, ndi woyera wopachika zikatha. M'nyumba yaulemu, anatero tsikulo, nkhani zimenezi sizituluka pakamwa, zimakhala pamsomali.

Pamsomali panali wofiira. Unali utakula. Unatsika khoma, unadzipinda pansi pa bedi, unatulukira pakhonde n'kudutsa msewu, ndipo maminibasi ankachepetsa liwiro pofika pamenepo.

ANachisale anatsegula nkhani mosataya nthawi. Anati chichokereni mpongozi wawo kuchipatala, wofiirawo sunatsikepo pamsomali. Iwo anakulira kumudzi, anaona miyezi yambiri, koma mwezi wosalowa anali asanauonepo. Anati mwana wa mlongo wawo akuonda, ang'ono ake onse akutchulidwa bambo a uje, iye yekha akuitanidwabe ndi dzina ngati mwana wasukulu. Zofuna za kuchimuna zinali ziwiri, ndipo zonse zinali zazing'ono: chinthu chapamimbacho chichoke, ndipo mvula isanagwe mpongozi akhale ali ndi pakati. Za njira zotsekeka zija sanatchule, chifukwa Fanuelo sanawauze.

Sungeni anafuna kuyankha, koma pakamwa panali posokedwa. Anagwirapo ndi chala n'kuuzindikira msokowo. Unali wake, wowongoka bwino, wa ulusi woyera umene amasungira madiresi a ukwati. Anali atausoka yekha pang'onopang'ono, tsiku lililonse limene ankagwada popereka madzi kwa anthu omunena. Mtima unkamutentha mpaka thumba linafunda, koma mawu sanatuluke.

"Odi," anatero wina kumsewu.

Linali thumbo lake lalikulu, lija anachotsa madokotala. Linabwera litavala jekete la Fanuelo la paukwati, ndipo chifukwa cha kutalika analiyalira mipando ingapo. Linapereka moni kwa aliyense, kuyambira aNachisale mpaka mayi wogulitsa bonya, kenako linapempha mwayi wolankhula monga mbadwa ya m'mimba imene ikukambidwayo.

Linati ilo silinabwere kudzadziyeretsa. Linamuotcha mayiyu zaka zambiri. Linamudzutsa pamakina kasitomala ali pakati poyesa siketi, linamutsitsa m'minibasi pamalo opanda chimbudzi, linamukhetsa magazi mpaka zikhatho zinayera. Masiku onsewo linkadikira kuti tsiku lina a kuchimuna aitanitsa bwalo n'kulifunsa chifukwa chake likuzunza mkazi wawo. Palibe anabwera.

"Ndamva kuti lero bwalo lilipo," linatero. "Ndiye ndabwera, mwina ndi langa lija."

ANachisale analiuza kuti nkhani yake inatha kalekale, lero akukamba za mkanda. Thumbo linavomera mwaulemu, n'kunena kuti ngati ndi za mkanda, mboni yake ili pakhomapo. ANachisale anakana, ati msomali si m'bale, sungalankhule pankhani ya m'banja. Mayi wa bonya anati msomaliwo wagona m'chipindamo kuposa wina aliyense pano, ausiye unene. Msika wonse unavomereza.

Msomali unalankhula motsitsa, ndi mawu a dzimbiri. Unati iwo sudziwa mayina, umadziwa manja. Madzulo kumabwera dzanja la zala zobayidwa ndi singano, limapachika woyera. Mayi akapita kukasamba kumabwera dzanja lina, limachotsa woyera uja, limauponya kuseri kwa bedi n'kupachika wofiira.

"Dzanja limenelo limanunkha girisi," unatero msomali.

Anthu ananunkhiza mphepo. Msika wonse unkanunkha girisi, ngakhale tomato amene. Fanuelo anali atalowa kunsi kwa bedi, akuti akufunafuna sipanala.

Izi Sungeni ankazidziwa kale. Woyera uja sunali woitana mwana, pakuti mapiritsi olera ankamwa monga anamuuzira kuchipatala. Unali woitana mwamuna wake. Tsiku loyamba kupeza wofiira pamsomali anafunsa, ndipo Fanuelo anati mikanda inagwa, iye potola anasokoneza. Tsiku lachiwiri sanafunsenso. Chimene sankadziwa n'chakuti munthu yemweyo ankapita kwa azakhali ake kukaweramitsa mutu monga mwamuna womanidwa.

Mawu a Fanuelo anatulukira kunsi kwa bedi. Anati iye anamuona mkazi wake tsiku lija akutuluka m'chipinda cha opaleshoni, milomo itatuwa, mapaipi ali mbali zonse, ndipo chithunzi chimenecho sichimuchoka. Amaopa kuti akamugwira mwamphamvu chinachake chiphulika, chinachake chisomphoka. Kenako anawonjeza zimene zinali kunsi kwa zonsezo.

"Limandiyang'ana."

Thumba linakonza kukhosi, monga limachitira nthawi zonse pagulu, koma ulendo uno mawu anamveka.

"Pepani bambo, ine maso ndilibe. Ndimangogwira ntchito imene awa anaithawa."

Thumbo linaweramitsa mutu m'jekete. Ena anaseka. Sungeni anaganiza kuti nkhani yatha, wolakwa wapezeka, tsopano azakhali atembenukira kwa mwana wawo. Koma aNachisale anangokonza duku. Anati ndiye zamveka bwino: mwanayu si wolakwa, akuopsezedwa m'nyumba yake yomwe. Chinthu choopseza mwamuna pabedi sichingasungidwe. Chichoke lero lomwe, zinazo zidzatsatira.

Bedi linamera mateyala. Anamugoneka Sungeni chagada, Fanuelo anatuluka kunsi kuja n'kugwira kumutu, aNachisale anagwira kumiyendo, ndipo anayamba kukankha kutsika msewu. Msika unawatsatira, aliyense ndi katundu wake pamutu. Mkanda wofiira unkakhwekhwereza m'mbuyo.

Pafupi ndi depoti ya mabasi bedi linaima lokha. Mkanda unali utakola m'gudumu la makina osokera amene anali pakati pa msewu. Pamakinapo panali Zelipa, mkulu wake wa Sungeni, atavala diresi limene anamuika nalo m'manda, tepi ili m'khosi. Zelipa anabereka mwana woyamba ndi opaleshoni. Mwanayo anali wamkazi, ndipo a kuchimuna anati wamwamuna asachedwe. Mimba yachiwiri inabwera chipsera chisanalimbe, ndipo chinang'ambika ali panjira yopita kuchipatala.

Zelipa sanapereke moni kwa wina aliyense. Anamaliza kaye mpendero umene ankasoka, anadula ulusi ndi mano, kenako anabwera pabedi ndi lumo. Anayang'anitsitsa pakamwa pa mng'ono wake.

"Wasoka bwino," anatero. "Inenso ndinali nawo wotere. Anandiika nawo."

Anadula msokowo, n'kusolola ulusi wonse, n'kuukulunga pa makina ake. Kenako anamuuza kuti atsike apite kuseri kwa depoti, kuli mlendo wake wakhala akufunsa. Anamuuzanso kuti asamunyamule, asamupatse dzina, ndipo asamulonjeze tsiku. ANachisale anati nthawi ikutha, madokotala akudikira. Zelipa anawayang'ana kamodzi kokha, ndipo aNachisale anapeza kuti ali ndi kanthu koti akonze pansapato.

Kuseri kwa depoti kunali mabenchi ambiri, ndipo panakhala ana amene sanabadwe. Sankalira, sankasewera. Ankadikira ngati anthu odziwa kuti basi imabwera ikafuna. Wa Sungeni anali kumapeto, atavala juzi lalikulu, miyendo ikulendewera. Nkhope yake inali isanasankhe woti ifanane naye. Mphuno inkapita kwa aChisale n'kubwerera.

Mwanayo anaimirira, anapereka moni ndi manja awiri, n'kumulozera kumunsi. Kumeneko kunali khwawa, ndipo pakhwawapo panali timilatho tiwiri topapatiza ta anthu oyenda pansi. Pambali pake panaima amuna a mawilibala odzaza simenti, akudikira kuti wina awakodole.

"Njira zanga ndi zimenezo, mayi," anatero mwanayo. "Ndamva kuti mukufuna kumanga kumunsiko. Ndawafunsa amisiriwo ngati milatho itsale. Akuti mwina itsala, mwina ayi. Iwo eni sakudziwa."

Sungeni anamuuza kuti si iye akufuna kumanga. Mwanayo anafunsa kuti nanga ndani, popeza malowo anamva kuti ndi a mayi. Sungeni anakhala pabenchi, ndipo funso limene linkamudya chichokereni kuchipatala linatuluka lokha: kodi mwanayo sadzachita manyazi ndi mayi woyenda ndi chimbudzi pamimba?

Mwanayo anapempha kuliona. Sungeni anakweza bulauzi. Mwana anayang'ana maluwa achikasu aja kwa nthawi, kenako anagwada pang'ono n'kulipatsa moni thumbalo. Thumba linayankha.

"Ndiye kuti tidzakhala oyandikana nyumba," anatero mwana. "Inu kunja kwa khoma, ine mkati."

Thumba linati lilibe vuto ndi zimenezo, bola asamadzamenye khoma la kumanja nthawi ya chakudya. Mwanayo anati adzayesetsa. Kenako anatembenukira kwa Sungeni n'kunena kuti iye sali pachangu. Kuno kulibe njala, kulibe udzudzu. Anaona ana ena akuitanidwa mokuwa n'kuthamangira m'nyumba zimene matope ake anali asanaume, ndipo ena mwa iwo anabwerera pabenchi pomwepa atagwirana manja ndi amayi awo. Iye sakufuna zimenezo. Bala liyambe lapola.

Sungeni anafunsa ngati adzabweredi akadzamuitana.

"Sindingalonjeze, mayi. Kuno sitilonjeza. Koma milatho ikakhalapo, ndidzayesa."

Sanamunyamule. Manja anamuyabwa, koma anawapinda kumbuyo. Atatembenuka anapezeka ali pabedi paja, likuthamanga, Zelipa ndi makina ake atatsala kutali.

Chitseko cha chipinda cha opaleshoni chinaima chokha pakati pa msewu, chopanda khoma, kuwala kukutuluka kunsi kwake. Kuseri kwake kunkamveka mawilibala. Pakhomo panaima namwino wamtali atavala zobiriwira. Anaimitsa bedi ndi dzanja limodzi n'kunena kuti asanalowe ali ndi funso limodzi, lomwe amafunsa aliyense.

"Mwini mimbayi ndani?"

ANachisale anati ndi ya banja la kwa Chisale, ndipo iwo ndi amene akuimira banjalo. Fanuelo anati iye ndiye mwamuna wake. Kondakitala wina amene anangotsatira gulu anati naye ali ndi maganizo. Namwino anafunsanso funso lomwelo, mawu osakwera osatsika, ndipo manja anayamba kukwera m'mwamba, msika wonse, ogulitsa makala, a mpingo, anzake a Fanuelo a kugalaja, aliyense ndi chifukwa chake. Thumbo lokha ndi limene silinakweze, linati ilo linachotsedwa ntchito.

Sungeni anadzuka. Anaimirira pabedi pomwepo, anaponda phazi limodzi pafelemu ya chitseko, ndipo bedi silinasunthenso ngakhale ankakankha anthu onsewo. Anakweza bulauzi mpaka thumba linaonekera kwa aliyense.

"Pamene ndinkataya magazi m'chimbudzi, mimbayi inali yanga ndekha," anatero. "Pamene ankandicheka, inali yanga ndekha. Lero yapeza abale."

Manja anayamba kutsika.

"Ndiye mverani mwini wake. Thumba silichoka. Bala lipole kaye, ndipo wondiuza kuti lapola ndi dokotala, osati mvula. Likapola ndidzaitana mwana, thumba lili pomwepa. Za kutseka ndidzaziona mwanayo akuyenda, ngati ndidzafune."

ANachisale anafunsa kuti ulemu umene anamuphunzitsa wausiya kuti. Sungeni anati wausiya pamakina a achemwali ake, akaufuna akautenge kumeneko. Kenako anatsika pabedi, anatola mkanda wofiira uja n'kuyamba kuukulunga padzanja. Unabwera wonse, kuchokera kumsika, kuchokera kumsomali, ukufupika pamene unkabwera, mpaka unatsala wa muyeso wa khosi la munthu. Anapita kwa mwamuna wake, anagwada monga anamulangizira aNachisale, kenako anaimirira n'kumuveka.

"Popeza amene ali kumwezi m'nyumba mwathu ndinu, aChisale, valani. Anthu asamavutike kufunsa."

Mkandawo unadzilumikiza wokha kumbuyo kwa khosi, osasiya mfundo. Namwino wamtali uja anagwedeza mutu, anachoka pakhomo, n'kuitana dzina la Sungeni.

Analiitananso kachiwiri, ndipo Sungeni anatsegula maso. Benchi inali pamalo pake. Mzere unali utafupika, ndipo namwino wamfupi wovala zoyera anaima pakhomo la dokotala akumuyang'ana. Pomwepo thumba linalira, kulira kwake kuja kwa madzi otsika m'paipi. Fanuelo anali ndi chizolowezi chokhosomola likatero, kuti anthu asamve. Anakoka mpweya.

"Musakhosomole," anatero Sungeni. "Lisiyeni limalize."

Linamaliza. Fanuelo sanakhosomole, chifukwa zala zake zinali kale pakolala ya shati, zikukoka chinachake. Pakati pa batani loyamba ndi lachiwiri pankaoneka timikanda tofiira. Mayi wina amene anakhala moyang'anana nawo anationa, anayang'ana Fanuelo kumaso, kenako anayang'ana nsapato zake, mapewa akugwedezeka.

Fanuelo ananong'ona kuti amuvule, anthu akuona. Sungeni anamuuza kuti mkandawo ulibe mfundo, ndipo lumo silingaudule. Udzachoka tsiku limene adzapite yekha kwa azakhali ake kukanena dzanja limene limapachika, ndi zonse zimene dokotala ananena za njira zija. Woyera uli kuseri kwa bedi kumene anauponya. Akadzaufuna adzautole yekha, malo akuwadziwa.

Anaimirira, anakonza chitenje n'kulowa. Chitseko sanachitseke, anachisiya pang'ono.

Dokotala anamupatsa mpando n'kufunsa kuti agwirizana zotani kunyumba. Pofunsapo maso ake anali kuchitseko, kufunafuna mwamuna.

"Yang'anani kuno, adokotala," anatero Sungeni. "Mwini wake ndine."

Anayamba kufotokoza, bala poyamba, mwana pambuyo, thumba pomwepo. Ali pakati, kunja kunamveka benchi ikulira ngati munthu wanyamukapo, kenako mapazi, kenako timikanda tikugundana pang'onopang'ono mpaka pakhomo.

"Odi," anatero Fanuelo.

Sungeni anayamba wamaliza kaye zimene ankanena. Kenako anati alowe.